Pepala Lokana Mwana

Kalata yokana inandipeza kuntchito, pa nthawi yopuma masana, ndili m'kachipinda ka antchito pa nyumba yosamalira okalamba ku Leicester. Alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, anaijambula ndi foni ku Lilongwe n'kunditumizira: masamba awiri opendekeka, chala chawo chikuoneka pakona. Pansi pake anangolemba kuti, "Alamu, amayi awakaniza."

Tinali titapempha viza yoti apongozi anga abwere kuchokera ku Dedza kudzaona mwana wawo. Amuna anga ankadwala khansa ya m'chiwindi, ndipo madokotala anali atasiya kale kulankhula za kuchira. Munthu amene anatha zaka khumi ndi zinayi akutembenuza odwala m'chipatala monga nesi, tsopano ndinkamutembenuza ndine, m'chipinda chochezera cha nyumba yathu ya lendi ku Spinney Hill, poti masitepe anali atamukanika. Sankapempha zambiri. Chakudya anali atachileka, mpira wa pa kanema anali atauleka. Ankangofunsa kuti amayi afika liti.

Ndinkayembekeza zifukwa zomwe aliyense amazidziwa, zoti gogoyu akafika kuno sadzabwerera kwawo. Zimenezo tinali titazikonzekera. Tinaika kalata ya dokotala, zithunzi za munda wawo wa mbatatesi, ndi maina a zidzukulu zomwe ankalera kumudzi. Koma ofesala wa boma sanazikhudze n'komwe. Analemba kuti wopempha viza wanena kuti akukaona mwana wake, pomwe mwamunayo, pa fomu yake ya viza ya zaka zambiri zapitazo, analemba yekha kuti mayi ake anamwalira. Choncho gogoyu wanama, ndipo kwa zaka khumi pempho lake lililonse lidzakanidwa. Mzere womaliza unati palibe mwayi woapila, palibenso mwayi woti ofesala wina aunikenso chigamulocho. Ndinawerenga katatu, tiyi wanga n'kuzizira patebulo, kenako belu la chipinda china linalira ndipo ndinapita kukasintha matewera a nkhalamba ya eni ake.

Chowawa n'chakuti panalibe amene ananama. Mayi wobereka amuna anga anamwalira iwo ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Mng'ono wake wa malemuyo, amene nayenso anali ndi khanda panthawiyo, anatenga mwanayo pamaliro pomwepo n'kumuika kubere linalo. Ndiwo apongozi angawa. Anamuyamwitsa, anamulera, anamutumiza kusukulu, ndipo pa ukwati wathu ndiwo anakhala pa mpando wa mayi a mkwati. Kwathu mwana wa mkulu wako ndi mwana wako basi, palibe liwu lina lomutchulira. Zoti mayi aang'ono timazinena pofotokozera mlendo, osati poitana. Inenso nditakwatiwa panapita zaka ziwiri ndisakudziwa kuti panali mayi wina, mpaka tsiku lina amalume awo anatchula manda ake pocheza.

Amuna anga pobwera kuno, amene ankawathandiza kulemba mafomu anawauza kuti alembe dzina lomwe lili pa mapepala a ubatizo. Analemba la malemu, n'kuchonga kuti anamwalira, n'kuiwala. Kalata yoitanira apongozi anga ndinailemba ndine, chifukwa dzanja la amuna anga linali litafooka. Ndinalemba m'Chingerezi changa chabwinobwino kuti ndikuitana mayi anga, iwo n'kusaina pansi. Sindinaganizepo kawiri, ndipo nditaganiza kakhumi ndikanalembabe zomwezo.

Amuna anga ndinawauza madzulo omwewo. Sanakwiye. Anangofunsa kuti, "Amayi awanena kuti ndi abodza?" Ndinati inde. Anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo ndinawasiya choncho.

Lamlungu kutchalitchi, mu holo yomwe timachita lendi, aliyense anasanduka loya. Wina anati tiwapangire apongozi pasipoti ina ya dzina lina, ngati kuti bodza lomwe sitinanene tilikonze ndi bodza lenileni. Mlongo wina wa ku Zambia anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Apulayani chabe futi, aja maofesa sawerenga vonse." Bambo wina wogwira ntchito m'nyumba zosungira katundu ku Corby anatulutsa kabotolo ka mafuta odzozera kuti tidzoze kalatayo. Ndinamuuza kuti kalatayo ili mu foni, ndipo mafutawo akakazingire mazira. Anthu anandiyang'ana ngati ndatukwana m'kachisi. Ndimadziwa kuti pakamwa panga sipachedwa, koma masiku amenewo ndinalibe mphamvu yosekerera zopanda pake. Onsewo ankafuna kuthandiza, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene anadzandigwira dzanja pambuyo pake.

Amene anandilozera njira ndi bambo wachimwenye wa golosale ya pakona pathu, amene anabadwira ku Limbe ndipo amandilonjera m'Chichewa nthawi zonse. Anaona nkhope yanga n'kufunsa za odwala. Nditamufotokozera, analemba pa kapepala komwe ndingapeze mwana wa msuweni wake, loya wa nkhani za anthu olowa m'dziko muno.

Ofesi yake inali pamwamba pa butchala, makwerero ake akununkha nyama yaiwisi. Anali mayi wamng'ono thupi, wovala mpango kumutu, Chichewa chake chili cha m'sitolo, chosakanikirana ndi Chingerezi, koma chomveka. Anawerenga kalatayo kamodzi, n'kutenga pepala loyera n'kujambulapo mizere inayi.

"Njira zake ndi izi, mayi," anatero. "Yoyamba, kupempha ofesala wina aunikenso. Pa viza ya alendo sizitheka." Anakhwatcha mzere woyamba. "Yachiwiri, kuapila kukhoti la za maviza. Kwa alendo anatseka. Pali kampata kena, konena kuti aphwanya ufulu wa banja, koma ngakhale atatilola, podzafika tsiku la mlandu papita miyezi yambiri. Muli nayo miyezi?"

"Tilibe."

Anakhwatchanso. "Yachitatu, kuapulayanso. Imeneyi ndi yachangu, koma chiletso cha zaka khumi chilipo. Angotsegula fayilo, aona liwu loti bodza, akana."

Mzere wachinayi anauzunguliza. Anati tikhoza kupempha woweruza kuti aone ngati chigamulocho chinatsata malamulo, ndipo tili ndi miyezi itatu yochitira zimenezo. Koma tisanafike kwa woweruza, lamulo limafuna tilembe kaye kalata yochenjeza boma kuti likonze lokha cholakwa chake. Boma limapatsidwa masiku khumi ndi anayi kuti liyankhe. Anati kunama, malinga ndi lamulo, n'kunena chinthu ukudziwa kuti ukupusitsa munthu. Tikaonetsa kuti gogoyu anangolakwitsa mosadziwa, chiletsocho chikhoza kuchoka.

"Sanalakwitse," ndinatero. "Ndi mayi awo."

"Ine ndamva, mayi. Makolo anga anakhala ku Malawi, ndikudziwa mmene mumaitanirana. Koma amene akawerenge izi sadziwa Dedza. Pa fomu yake pali bokosi limodzi la mayi, ndipo muli kale munthu."

Anati pakufunika mapepala awiri olumbira. Loyamba la amuna anga, lonena kuti mayi amene akuitanidwayo si mayi wawo koma anti wawo, mng'ono wa mayi wawo. Lachiwiri la apongozi anga, lonena kuti mwamunayo sanamubereke ndiwo. Za kuyamwitsa ndi kulera zonse zilembedwa, anatero, koma ziganizo ziwirizo ziyenera kukhala pamwamba, zomveka mosapita m'mbali. Ndinatsika makwerero aja ndili ndi ukali wosowa woulozera, chifukwa mayiyu sanandinamize pena paliponse.

Patapita masiku awiri loyayo anabwera yekha kunyumba, dzuwa likupendeka, poti odwala sakanatha kuyenda. Ndinawakhazika amuna anga ndi mapilo atatu, n'kuwaveka magalasi. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere, mpaka chinaima pa liwu lija.

"Anti," anatero, akumwetulira pang'ono. "Kwathu anti ndi mtsikana wantchito wa m'nyumba. Kapena mayi aliyense wogulitsa mandasi pa depoti. Mukufuna ndinene kuti amene anandiyamwitsa ndi anti?"

"Ndi liwu la pepala chabe, bambo," anatero loyayo.

"Ndikasaina abwera?"

"Sindingalonjeze. Koma mukapanda kusaina, sabwera."

Panja ana ankabwera kuchokera kusukulu, akuphokosera m'Chingerezi. Amuna anga anapempha cholembera. Siginecha yawo, yomwe kale inkathamanga pa mafayilo a odwala, inatuluka yokhotakhota ngati ya mwana wa sitandade wani. Loyayo atatuluka, anandigwira pamkono ndi mphamvu zomwe sindinkadziwa kuti akadali nazo.

"Akazi anga, amayi asadzamve kuti ndasaina zimenezi. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Ndinalonjeza ndi pakamwa panga pomwepa.

Pepala lachiwiri tinalitumiza kwa alamu anga. Iwo ndi khanda lija lomwe linkayamwa bere linalo, ndipo kwa iwo amuna anga anali achimwene, osati china chilichonse. Anakwera minibasi kupita kumudzi, n'kuwatenga amayi kupita nawo pa boma, ku ofesi ya wolumbiritsa anthu. Apongozi anga salemba, amadinda chala. Lamulo limati wodinda chala amuwerengere kaye m'chilankhulo chake zomwe akulumbira. Kalaliki wa pamenepo anamasulira mosapsatira, mwina ndi changu cha ntchito: "Ine si mayi wake, iye si mwana wanga womubereka." Alamu anandiuza kuti amayi anamvetsera mpaka pamenepo, kenako anakulunga dzanja lawo m'chitenje, n'kuimirira, n'kutuluka. Anawapeza atakhala pansi pa mtengo kunja kwa ofesi, akudikira minibasi yobwerera.

Masiku asanu ndi limodzi anatha choncho. Loya anafewetsa mawu, anaika za kuyamwitsa pafupi, koma chiganizo chija sakanachichotsa. Alamu anachonderera, amalume anachonderera, abusa a kumudzi anapitako. Gogo anakana. Kuno amuna anga maso anali atachita chikasu, ndipo nesi wobwera kunyumba anali atawonjezera mankhwala oletsa ululu kawiri. M'mawa uliwonse ankafunsa ngati kalata yapita. Ndinkati tikudikira zochepa chabe.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinaweruka masana, n'kuima pa siteji ya basi, mvula yowaza ikundilowa m'khosi. Ndinaimbira alamu kuti apereke foni kwa amayi. Pa zaka zonse za banja langa ndinali ndisanakwezepo mawu kwa apongozi anga. Ankanditcha mwana wanga, ndipo nditapita padera kawiri, pamene ena ankanong'ona, iwo ndi amene anandisambitsa. Tsiku limenelo ndinaiwala zonsezo.

"Amayi, mwana wanu akufa. Mukumva? Masiku akutha inu mukukanira chala. Ndi pepala la azungu chabe, palibe wa kumudzi amene adzaliwerenge."

"Mulungu sawerenga?" anafunsa, mawu ali pansi.

"Mulungu akudziwa zoona zake."

"Mwana wanga, tamvera. Mkulu wanga pomwalira anandigwira dzanja lomweli n'kunena kuti mwanayu ndi wako. Zaka zonsezi palibe amene anandimvapo ndikunena kuti si wanga, ngakhale atandilakwira. Lero ali gone, mpweya ukuchepa, ndiye ndikaime pamaso pa boma, ndikweze dzanja, ndimukane? Ndikamukana ine, amugwire ndani? Mukufuna ndimukankhe ndekha?"

Ndikanayenera kumva. Mayiyu sankachita makani, ankaopa kuti pakamwa pake pamupha mwana. Koma ine ndinkawerenga masiku, ndipo basi inali ikubwera, ndipo mutu unali utatentha. Ndinalankhula.

"Mwana wanuyo anasaina kale lake."

Pa foniyo ndinkamva nkhuku kumbuyo.

"Anasaina kuti chiyani?"

"Kuti inu si mayi ake. Kuti ndinu anti ake."

"Ndi dzanja lake?"

"Ndi dzanja lake."

"Chabwino, apongozi," anatero, n'kubweza foni kwa alamu. Basi inaima, zitseko zinatseguka, ine osakwera. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, ndikudziuza kuti ndachita zoyenera, koma manyazi atandigwira kale.

Mawa lake apongozi anga anadinda chala. Alamu anati sanafune n'komwe kuti kalaliki awerenge mpaka kumapeto, koma lamulo linamukakamiza, ndipo gogo anamvetsera zonse atayang'ana pansi. Kalata yochenjeza boma inapita tsiku lotsatira, ndi mapepala awiri aja, ndi umboni wa kutchalitchi cha kumudzi wosonyeza kuti malemu ndi apongozi anga anali pachibale.

M'masiku odikirawo mayi ndi mwana ankalankhulana pa foni masana aliwonse, ine nditagwirizira foniyo pakhutu pa odwala. Ankakamba za mvula, za mbewu ya mbatatesi, za denga la khitchini lomwe linkadontha. Za mapepala palibe anatchula. Gogo ankati, "Ukudya?" Iwo ankanama kuti akudya. Tsiku lina foni itaduka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi akumveka otopa. Mawu awo asintha." Ndinati ndi netiweki ya kumudzi. Anandikhulupirira, chifukwa pa zaka zonsezo ndinali ndisanawanamizepo pa chinthu chachikulu.

Ndinkawerenga masiku pa kalendala ya kukhitchini, ndikukhwatcha limodzilimodzi. Pa tsiku lachisanu ndi chitatu amuna anga anasiya kumeza. Pa lakhumi anasiya kulankhula, koma ndinkaikabe foni pakhutu pawo, gogo n'kumaimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu osasa. Anatisiya m'mawa wa tsiku lakhumi ndi chimodzi, nesi atangofika kumene, jasi lake asanavule.

Yankho la boma linabwera pa tsiku lakhumi ndi chinayi, osachedwa ndi ola limodzi. Loya anandiimbira ndili pakati pa azimayi a kutchalitchi, amene anadzaza nyumba mpaka pa masitepe. Anati boma lavomera kuti panalibe cholinga chopusitsa, chiletso cha zaka khumi chachotsedwa, ndipo pempho la viza aliunikanso. Anati m'ntchito yake zimenezi amazitcha kupambana, koma sakudziwa kuti anene chiyani kwa ine. Anafunsa ngati tikufuna kuti awakakamize kufulumira, kuti gogo abwere kumaliro. Ndinathokoza, n'kumuuza kuti palibe chifukwa, thupi likupita kwawo.

Ndinaliperekeza ndine. Ku Dedza palibe amene anafunsa mapepala. Apongozi anga anakhala kumutu kwa bokosi, pamalo pa mayi, ndipo obwera kudzapepesa onse ankayambira kwa iwo. Anandilandira bwino, anandipatsa mphasa pafupi nawo, anaonetsetsa kuti ndadya. Koma ankandiitana kuti apongozi, ndipo maso athu sankakumana.

Tsiku lotsatira kusesa, anthu atayamba kubalalika, ananditumizira uthenga kuti ndikawapeze kuseri kwa nyumba. Ndinawapeza akusankha nyemba m'lichero. Ndinagwada, ndikuganiza kuti nthawi yondidzudzula yakwana, ndipo ndinali wokonzeka, mwinanso ndinkazifuna. Ndinayamba kupepesa za tsiku lija pa foni. Anakweza dzanja kuti ndisiye.

"Zimenezo zinapita. Mumafuna ndimuone, ndikudziwa. Ine ndili ndi pempho limodzi." Anaika lichero pansi. "Pepala lija ndinadinda chala, poti ntchito yake yatha, mukandibwezere. Lake lija nalonso. Ndikufuna ndiwatenthe ndekha."

Ndikanatha kunama. Ndikanatha kunena kuti ndikatumiza, n'kukasindikiza ena ofanana nawo. Koma ndinali nditanama kale kwa mwana wawo, ndipo sindinathe kubwerezanso. Ndinawauza zomwe loya anandiuza kalekale, kuti mapepala akalowa m'fayilo ya boma satulukanso. Amakhala momwemo.

"Mpaka liti?"

"Sindikudziwa, amayi. Mwina mpaka kale."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja lamanja n'kuyang'ana chala chawo chachikulu, choyera, inki itachoka kalekale.

"Ndiye kuti kumene anafera mwana wangako, ine sindinafikeko," anatero. "Chinafikako ndi chala changa, chikumukana."

Anatenganso lichero, ndipo ndinakhala pomwepo, chogwada, mpaka anamaliza kusankha nyembazo.